Kuchokera ku Changsha Kufika ku Mapanga: Mbiri ya Qigong ndi Matupi Athu a M'tauni

Aliyense amene anakulira ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa m'zaka za m'ma 1990 amakumbukira tinyumba ta vidiyo. Tinali tizipinda ta mdima, ta mabenchi a matabwa, nsalu yotchinga pakhomo ndi chimkuzamawu panja choitanira anthu. Wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba m'chaka cha 1999, kotero kwa ana ambiri a m'malokeshoni, dziko la China linalowera pa khomo la tinyumba timeneti. Analidziwira kwa Bruce Lee, Jackie Chan ndi Jet Li. Filimu ikatha, anyamata ankatuluka akuponya miyendo m'mwamba mpaka kufika kwawo.

M'mafilimu amenewo munkakhala chigawo china chimene ana ankachiona ngati chotayitsa nthawi. Nkhalamba yophunzitsa ndewu inkaima chilili m'bandakucha, mawondo atapindika pang'ono, manja akukwera ndi kutsika mwakachetechete, ikupuma modekha ngati munthu wogona. Ana ankafuula kuti woonetsa vidiyo athamangitse tepi. Chimene ankafuna kudumphacho ndicho qigong, ndipo mbiri yake ndi yakale kwambiri kuposa ndewu zonse zimene ankazidikirira.

Ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi zifukwa zoidziwira mbiriyi. Abale athu ambiri a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota anakhazikika m'malokeshoni a Blantyre, ndipo matupi awo akukumana ndi matenda amene makolo athu opalasa ngalawa sankawadziwa kwenikweni. Ana ena a m'mabanja a Chisilamu analeredwa pa malo ophunzitsa masewera a ku China pamodzi ndi chipembedzo cha Chibuda. Mbiri ikutisonyeza kuti masewerawa akhala akuvekedwa malaya osiyanasiyana ndi eni nthawi, ndipo munthu wodekha angathe kusiyanitsa thupi la masewerawo ndi malaya amene avekedwa.

Chiyambi chake

Dzina lakuti qigong, limene limamveka ngati "chigung", ndi mawu awiri a Chitchaina. Qi ndi mpweya, komanso mphamvu ya moyo imene asing'anga akale a ku China ankati imayenda m'thupi monga madzi ayendera m'ngalande. Gong ndi luso limene munthu amalipeza chifukwa cha khama la nthawi yaitali. Masewerawa amaphatikiza zinthu zitatu: kusuntha ziwalo pang'onopang'ono, kupuma mozama ndi kukhazika maganizo pamodzi.

Umboni wakale wooneka ndi maso unapezeka m'chaka cha 1973 pa malo otchedwa Mawangdui, mumzinda wa Changsha. Akatswiri ofukula zakale anatsegula manda amene anatsekedwa zaka 168 Mneneri Isa, mtendere ukhale pa iye, asanabadwe. Mkatimo anapezamo nsalu ya silika yojambulidwa anthu 44, amuna ndi akazi, ena atawerama, ena atatambasula manja, ena atagwira ndodo. Pambali pa zithunzi zina panalembedwa vuto limene kachitidwe kameneko kamathandiza, monga kuwawa kwa bondo ndi kugontha. Kalelo masewerawa ankatchedwa daoyin, kutanthauza kutsogolera mpweya ndi kukoka ziwalo. Amene anawajambulawo ankaganiza za matenda, osati za nkhondo.

Patapita zaka pafupifupi 400, sing'anga wotchuka Hua Tuo, amene anamwalira cha m'ma 208, anakonza masewera otsanzira nyama zisanu: nyalugwe, gwape, chimbalangondo, pusi ndi mbalame. Iye ankafanizira thupi ndi chitseko chimene sichifumbwa pozungulira pake chifukwa chimatsegulidwa tsiku ndi tsiku. Mbiri ya ku China imanena kuti wophunzira wake, Wu Pu, anapitirira zaka 90 akuona, akumva, mano ali gwa. M'nthawi ya ufumu wa Song, pakati pa 960 ndi 1279, kunatchuka mndandanda wina wa zochita 8 wotchedwa Baduanjin, umene mpaka lero ndiwo umachitidwa ndi anthu ambiri.

Malaya a zipembedzo ndi malaya a boma

Chinthu chothandiza sichikhala chopanda mwini. Otsatira chipembedzo cha Dao anatenga masewerawa n'kuwalumikiza ndi chiyembekezo chawo chokhala ndi moyo wosatha m'thupi lomweli. Ansembe a Chibuda a ku Shaolin, nyumba ya mapemphero imene inamangidwa m'chaka cha 495 m'chigawo cha Henan, anawaphatikiza ndi kusinkhasinkha ndi luso la ndewu. Buku la Yijinjing, lophunzitsa kulimbitsa minyewa, anthu ankati linalembedwa ndi Bodhidharma, mphunzitsi wa Chibuda wochokera kunja kwa China, koma akatswiri a mbiri anapeza kuti linalembedwa m'zaka za m'ma 1600. Dzina la munthu wolemekezeka linangomatidwapo kuti bukulo lilemere.

Dzina lenileni lakuti qigong linafala posachedwapa, ndipo analifalitsa ndi anthu osapembedza. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, Liu Guizhen, wogwira ntchito m'chipani cha Chikomyunizimu, anadwala zilonda za m'mimba ndi matenda ena mpaka anabwezedwa kumudzi. Kumeneko mkulu wina, Liu Duzhou, anamuphunzitsa masewera a kapumidwe, ndipo patatha masiku pafupifupi 100 anabwerera ku ntchito ali bwino. Akuluakulu a chipani, poona kuchepa kwa madokotala ndi mankhwala m'dziko, anamulamula kuti aphunzitse ena, koma achotsemo mapemphero ndi mawu onse a chipembedzo. M'zaka za m'ma 1950 anatsegula malo ochizira anthu ku Tangshan, kenako ku Beidaihe, ndipo buku lake la 1957 linafalitsa dzinali m'dziko lonse.

Mphepo inatembenuka m'chaka cha 1966, pamene Mao Zedong anayambitsa chipwirikiti chothetsa miyambo yakale. Qigong anatchedwa zamatsenga, ndipo Liu Guizhen anachotsedwa ntchito n'kuzunzidwa. Komabe kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, mayi wina wojambula zithunzi, Guo Lin, amene ankadwala khansa, anayamba kuphunzitsa odwala anzake m'mapaki a ku Beijing kayendedwe kapadera kophatikiza ndi kupuma. Mao atamwalira mu 1976, chitseko chinatseguka, ndipo m'zaka za m'ma 1980 anthu mamiliyoni ambiri ankadzaza m'mapaki m'mawa uliwonse.

Apa ndi pamene chikomekome cha mkuyu chinaonetsa nyerere zake. Panabuka aphunzitsi odzitcha a mphamvu zodabwitsa, amene ankadzaza mabwalo a masewera ndi kulipiritsa anthu pakhomo. Ankati angathe kutumiza qi kwa wodwala ali kutali. Za mmodzi wa iwo, Yan Xin, kunafalitsidwa kuti ndiye anathandiza kuzimitsa moto waukulu wa m'nkhalango za kumpoto chakum'mawa kwa China mu 1987, iye ali kutali ndi motowo. Magulu ena anakula n'kusanduka ngati zipembedzo, ndipo lotchuka kwambiri linali Falun Gong, limene Li Hongzhi analiyambitsa mu 1992. Boma linaliletsa mu July 1999, otsatira ake ambiri anamangidwa, ndipo mabungwe oona za ufulu wa anthu akhala akudzudzula nkhanza zimene anachitiridwa. Pambuyo pake boma linaika qigong pansi pa nthambi ya zamasewera, ndipo mu 2003 linatulutsa mitundu inayi yovomerezeka, kuphatikizapo Baduanjin ndi masewera a nyama zisanu aja, yopanda mapemphero ndi malonjezo a zozizwitsa.

Tikaiyang'ana mbiri yonseyi tikuona chinthu chimodzi. Kukweza manja, kupinda mawondo ndi kupuma modekha sikunasinthe kwenikweni kuchokera pa nsalu ya ku Mawangdui. Chimene chakhala chikusintha ndi tanthauzo limene wansembe, wandale kapena wamalonda amaikapo.

Asilamu a ku China

Ambiri a ife sitiganiza za China ngati dziko la mizikiti, koma Chisilamu chinafika kumeneko ndi amalonda a Chiarabu ndi a ku Persia m'nthawi ya ufumu wa Tang, pakati pa 618 ndi 907. Mizikiti yakale ya Huaisheng ku Guangzhou ndi Niujie ku Beijing ilipo mpaka lero. Asilamu a m'dzikolo ndi oposa 20 miliyoni, ndipo mwa iwo oposa 10 miliyoni ndi a mtundu wa Hui, amene amayankhula Chitchaina ngati anansi awo.

A Hui, pokhala ochepa pakati pa anthu ambiri, analimbikira masewera olimbitsa thupi ndi odzitetezera, ndipo nthawi zambiri ankaphunzitsirana m'mabwalo a mizikiti. Mitundu ya Chaquan ndi Tantui imadziwika kuti inasungidwa ndi kufalitsidwa ndi iwo. Mtundu wina, Tangping, unatenga dzina lake ku ketulo ya madzi a wudhu.

Mwa onsewa, dzina loyenera kulisunga ndi la Wang Ziping, Msilamu wobadwira ku Cangzhou m'chaka cha 1881. Ali mnyamata anatchuka ndi mphamvu zonyamula miyala yolemera, ndipo mu 1928 anaikidwa kukhala mkulu wa gawo la Shaolin pa sukulu ya boma ya masewera a ndewu ku Nanjing. Koma ntchito imene anakalamba nayo ku Shanghai inali yochiza mafupa ndi minyewa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 anasindikiza mndandanda wa zochita 20 zothandiza kupewa matenda ndi kukalamba ndi mphamvu, zimene anazisankha kuchokera ku masewera akale aja. Anamwalira mu 1973, ali ndi zaka zoposa 90, chaka chomwe Bruce Lee anamwalira ali ndi zaka 32, ndiponso chomwe nsalu ya ku Mawangdui inafukulidwa.

Moyo wa Wang Ziping ukutiuza kuti funso limene banja la Chisilamu ku Chilomoni lingafunse lero, Asilamu ena analifunsa kale. Iwo anatenga kaimidwe, kapumidwe ndi khama, n'kusiya kugwadira mafano ndi kutchula maina a milungu ina. Anakhala akatswiri a masewerawo popanda kusuntha chibula chawo.

Mmene zinafikira ku Blantyre

Ku Blantyre masewera a ku China anadzera njira ziwiri. Yoyamba ndi ya mafilimu ija, imene inabweretsa ndewu yokha. Filimu ya Shaolin Temple ya 1982, imene inatchukitsa Jet Li, ndi zina zotsatira zinapangitsa dzina la Shaolin kudziwika ngakhale kwa mwana amene sanafikepo ku Limbe. Masiku ano mafilimu otere amamasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a m'tauni, ndipo amaonedwa pa foni mpaka ku Makanjira ndi ku Malindi.

Njira yachiwiri inadza ndi anthu enieni. Dziko la Malawi linali pa ubale ndi Taiwan kuyambira 1966 kufikira kumapeto kwa 2007, pamene boma la Bingu wa Mutharika linatembenukira ku Beijing. M'nthawi ya ubale ndi Taiwan imeneyo, wansembe wa Chibuda wa kumeneko, Hui Li, amene anafika ku South Africa mu 1992 kukamanga kachisi wa Nan Hua ku Bronkhorstspruit, anayang'ana ku Malawi. Inali nthawi imene Edzi inkasiya ana amasiye m'mudzi uliwonse. M'chaka cha 2004 anatsegula Amitofo Care Centre ku Mapanga, kufupi ndi msewu wa ku Zomba, mtunda wochepa kuchokera ku Limbe ndi ku Machinjiri. Pambuyo pake malo ena otere anatsegulidwa ku Lesotho, Eswatini, Namibia ndi maiko ena.

Ana a ku Mapanga amapatsidwa pogona, chakudya chopanda nyama ndi sukulu. Amadzuka kusanache kukachita mapemphero a Chibuda, amaphunzira Chitchaina, ndipo amaphunzitsidwa kung fu wa ku Shaolin, amene maziko ake ndi kaimidwe kolimba ndi kapumidwe kolamulirika. Aluso mwa iwo akhala akupita ku maiko a kunja kukaonetsa masewera kwa anthu othandiza malowo ndi ndalama. Dzina lakuti Amitofo palokha ndi dzina la Buddha amene Abuda ambiri a ku China ndi Taiwan amalitchula mobwerezabwereza popemphera.

M'chaka cha 2019, Nicole Schafer wa ku South Africa anatulutsa filimu ya zochitikadi yotchedwa Buddha in Africa. Imatsatira mnyamata wochokera m'banja la Chiyawo la Chisilamu amene anakulira ku Mapanga, nakhala katswiri wa kung fu, ndipo pomaliza sukulu anayenera kusankha pakati pa kukaphunzira ku Taiwan ndi kubwerera kumudzi kwa agogo ake, kumene chiyankhulo ndi miyambo zinali zitayamba kumuthawa. Filimuyo sikana kuti ana anadyetsedwa ndi kuphunzitsidwa pa nthawi imene achibale analibe chogwira. Imaonetsanso mtengo wake. Mwana amene wapulumuka ku njala angathe kufika pa khonde la agogo ake ngati mlendo. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, amatero akuluakulu, ndipo funso la amene alere ana amasiye a m'midzi yathu, ndi kuti awalere m'chikhulupiriro chiti, liyenera kuyankhidwa ndi mabanja ndi mizikiti yathu mwana asanakwere galimoto.

Zimene matupi a m'tauni akusowa

Kunyanja thupi silisowa ntchito. Wopalasa ngalawa, wokoka khoka, mayi wosinja ndi wosenza dengu la usipa amagwiritsa ntchito mapewa, msana ndi miyendo tsiku lonse. M'bale wathu akasamukira ku Blantyre, moyo umasintha. Telala amakhala pa makina kuyambira m'mawa mpaka madzulo, wogulitsa mu okala amakhala pa mpando, woyendetsa minibasi sachoka pa chiwongolero. Tiyi wa shuga wambiri, chipisi, mchere ndi nkhawa ya lendi zimawonjezera katundu.

Kafukufuku wa STEPS, amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizidwa ndi bungwe la World Health Organization mu 2009, anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali ndi matenda a shuga. Mathero ake timawaona ku chipatala cha Gulupu: bambo wa zaka 50 wafa ziwalo mbali imodzi, banja lonse la kumudzi limene linkadalira iye lagwa naye limodzi. Bungwe lomwelo limalangiza munthu wamkulu kuchita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Anyamata amakwera mapiri a Soche, Ndirande ndi Michiru kapena kumenya mpira, koma agogo a mawondo owawa, kapena mayi wokhala m'nyumba ya lendi yopanda bwalo, sangathamange mumsewu wa fumbi ndi njinga zamoto.

Apa ndi pamene chigawo chija ana ankachidumpha chikhala ndi phindu. Baduanjin amachitidwa choimirira pa malo aakulu ngati mkeka, satenga mphindi 15, safuna nsapato kapena zovala zapadera, ndipo mayi angachite m'chipinda chake atavala monga mwa masiku onse. Munthu amakweza manja onse ngati akuchirikiza denga, amakoka ngati wogwira uta kumanzere ndi kumanja, amakweza dzanja limodzi lina likutsika, amacheuka pang'onopang'ono, amapendeketsa thupi mawondo atapindika, amawerama kugwira mapazi, amatambasula nkhonya mwamphamvu koma modekha, ndipo amamaliza ndi kunyamuka pa zidendene n'kutsika. Mulibe mawu otchula, mulibe chogwadira.

Za phindu lake tinene zoona zokhazokha. Qi monga mphamvu yoyenda m'ngalande za thupi ndi kafotokozedwe ka asing'anga akale, ndipo zipangizo za madokotala sizinaipeze. Chimene chimayezeka ndi chakuti kupuma mozama kumakhazika mtima pansi, kuima mawondo atapindika kumalimbitsa ntchafu, ndipo kusuntha modekha kumaphunzitsa thupi kusagwa. Mu 2012, magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine inasindikiza kafukufuku wa ku Oregon, ku America, pa odwala 195 a matenda onjenjemeretsa a Parkinson. Amene anachita tai chi, m'bale wake wa qigong, kwa milungu 24 ankaima molimba ndipo ankagwa mocheperapo poyerekeza ndi amene ankangodziwongola. Limeneli ndi phindu lenileni, koma lili ndi malire. Masewerawa sachiza khansa, salowa m'malo mwa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi kapena a shuga, ndipo wodwala mtima ayambe wafunsa kuchipatala. Zipatala za Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi South Lunzu zili pafupi ndi abale athu, ndipo kuyezetsa ndiko kuyenera kutsogola.

Choyenera kufunsa

Safunsa anadya phula. Mwana wathu kapena kholo lathu likaitanidwa ku masewera otere, mbiri imene tayendamoyi ikutipatsa mafunso anayi. Kodi pali kugwadira fano, chithunzi kapena mphunzitsi? Kodi pali dzina kapena mawu a pemphero oti atchulidwe? Kodi mphunzitsi akulonjeza kuchiza ndi mphamvu yotuluka m'manja mwake, nalipiritsa? Kodi akuuza wodwala kuti asiye mankhwala? Awiri oyambawo ndi a chikhulupiriro, ndipo pokayikitsa tipite nawo kwa masheikh athu. Awiri otsirizawo ndi omwe anagwetsa anthu ambiri ku China m'zaka za m'ma 1980, ndipo ndi misampha yomwe timaidziwa kale kwathu kuno m'maonekedwe ena.

Mayankho onse anayi akakhala akuti ayi, chotsala ndi thupi limene tinapatsidwa kuti tilisunge, mpweya wolowa ndi kutuluka, ndi mphindi zochepa pambuyo pa swala ya Fajr, mzinda usanadzuke. Wang Ziping anachita zimenezi mpaka ukalamba wake ali Msilamu. Telala wa ku Bangwe ndi agogo a ku Machinjiri angathenso kutero, kuti mawondo awo apitirize kuwafikitsa ku mzikiti ndi ku msika, ndi kuti a kunyanja amene amawadalira asalandire uthenga wa maliro nthawi isanakwane.